Madzi Apatseni Mpando

Dzina loti Kalavati, la chipaipi chodutsitsa madzi kunsi kwa msewu, anam'patsa ndi anzake a ku ntchito ya misewu, ndipo linam'kakamira ngati chisoso pa buluku. Unyamata wake wonse ndi theka la ukulu wake anazithera m'mbali mwa misewu, piki ndi fosholo m'manja, kukumba ngalande zothamangitsa madzi. Kapitawo wawo anali ndi mawu ake omwe ankawabwereza mpaka anthu kutopa nawo: "Madzi ndi mlendo woipa. Osam'patsa mpando, muonetseni njira!" Ndipo pa nkhani yoonetsa madzi njira, Kalavati analibe mnzake. Ankangotsinzina diso limodzi, kupendeketsa mutu, n'kudziwiratu komwe madzi adzathawire mvula isanagwe n'komwe.

Tsiku lina akuthandizana kutsitsa chipaipi cha simenti m'lole, china chake chinalira kumsana kwake. Anagona miyezi, ndipo atadzuka anapeza kuti kampani yam'chita zomwe iye ankachita ndi madzi. Inamuonetsa njira.

Kuyambira pamenepo banja linkadya za m'dimba la mkazi wake. Nyumba yawo inali kumapeto kwa tauni, pamalo otsetsereka, ya zipinda ziwiri ndi malata adzimbiri, ndipo dimbalo linali kuseri, kuyambira pakhoma la bafa mpaka kumpanda wa kumunsi. Mayiyo ankalima tomato, kabichi ndi anyezi, n'kumakagulitsa pa kabenchi kake pa mphambano. Ana anali atakula n'kupita kukafuna zawo. M'nyumbamo munatsala anthu awiri, makapu awiri ndi wailesi yosowa mabatire.

Kenako dimba linayamba kufa. Chitsime cha kumunsi chinaphwa mpaka achule kusamuka. Mvula ya zaka zimenezo inali yamwano: inkachedwa, ikabwera n'kugwa yonse tsiku limodzi, kukokolola nthaka yabwino kupita nayo kukhwawa, m'mawa mwake dzuwa n'kuwotcha yotsalayo mpaka kulimba ngati njerwa. Mayiyo ankatunga madzi kumpopi wa kutali kukathirira mbewu zomwe zinkamwa n'kufotabe. Kalavati ankamuona akutsika ndi ndowa, khosi litalowa m'mapewa, iye atangokhala pakhonde, ndipo zimenezi zinkamupweteka kuposa msana. Anayesapo kukafunsa ulonda pa sitolo ya matayala, koma mwini wake ataona kayendedwe kake anati akuba angadzam'nyamule pamodzi ndi matayalawo.

Ndiye kunabwera mlamu wake, mkulu wake wa mayiyo, atanyamula shuga ndi nkhani.

"Alamu, musandiyang'ane ngati ndabwera kudzakuberani mbuzi," anatero mlamuyo akukhala pansi. "Kumene ndikugwira ine kuli banja likufuna munthu wa ntchito za m'nyumba. Kudya konko, kugona konko. Mng'ono wangayu aziuma pamodzi ndi dimba mpaka liti? Tamuonani mmene wathera, mafupa okhaokha."

"N'kutali bwanji?" anafunsa Kalavati.

"Ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Si kumwamba ayi, anthu amabwerako."

Kalavati anayang'ana mkazi wake kuti akane. Mayiyo ankangopotokola ngodya ya nsalu yake.

"Ndidikira mvula iyi yokha, achemwali," anatero pomaliza. "Mbewu yomaliza ndafesa kale pa nazale. Mbande zikapulumuka, ndikhala. Zikapita, nanenso ndapita."

Sananene mwaukali, ndipo n'chimene chinamuopsa Kalavati. Mlamu atachoka, mayiyo anatsitsa chikwama cha ulendo pamwamba pa kabati, kuchipukuta fumbi, n'kuchiika kuseri kwa chitseko. Kalavati ankawadziwa maulendo oterewa. Anzake angapo anaperekezapo akazi awo kudepoti akumwetulira, ati n'za miyezi yochepa. Poyamba munthu amabwera kutha kwa mwezi, kenako pa tchuthi, kenako amasanduka mawu a pafoni ofunsa ngati mwadya. Ankaopa kutsala yekha m'zipinda ziwiri zija, ndipo analibe womuuza kuti akuopa.

Nzeru ya ngalande inabwera ndi mayiyo kuchokera kumsika. Kumeneko kunali mayi wina wogulitsa mbande amene dimba lake linkabiriwira anzake onse akulira, ndipo tsiku lina anam'tengera kwake kukamuonetsa. Mkazi wa Kalavati anabwerako atasenza chinthu chachilendo: mitengo itatu yokhomedwa ngati chilembo A, pamwamba pake atamangapo chingwe, kunsonga kwa chingwecho kukulendewera mwala.

"Ichi ndiye chiyani, mayi? Mwayamba kutchera misampha?"

"Ndi choyezera. Mumachiimika miyendo iwiri pansi. Chingwe chikagwera pakati penipeni pa mtengo wopingasawu, ndiye kuti miyendo yonse yaponda pofanana. Mukhome chikhomo, mutembenuze, mupite patsogolo. Mukatha mukumbe ngalande motsatira zikhomozo, yodula malo athuwa chopingasa. Dothi muziunjika mbali ya kumunsi, tidzabzalapo nthochi ndi udzu."

"Nanga madziwo azitulukira kuti?"

"Asatuluke. Aime momwemo, alowe pansi pang'onopang'ono, mbewu zizimwa ngakhale mvula itadula. Mungosiya kakhomo kamodzi kumapeto, koyala miyala, koti akasefukira azidutsirapo mwaulemu."

Kalavati anaseka, kuseka komwe anali atakuiwala. "Ngalande yoimitsa madzi! Kapitawo wathu akanamva zimenezi akanakomoka."

"Kapitawo wanu ankasamala msewu, ife tikufuna kudya. Madziwo apatseni mpando, bambo, ngakhale mphasa muwayalire."

M'mawa mwake Kalavati anatulutsa piki yake kunsi kwa bedi. Chichitikireni ngozi ija panalibe amene anam'pemphapo ntchito ya manja ake, ndipo tsopano ukwati wake womwe unali kudikira ngalande. Ngalande, chinthu chokhacho chimene ankachidziwa padziko lino! Anaona ngati Mulungu wam'kumbukira.

Tisam'namizire, anayamba ndi choyezera chija. Koma chinthucho chinkafuna munthu wa msana wabwino ndi mtima wautali. Uwerame, udikire mwala usiye kugwedezeka, usunthe mwendo umodzi, uweramenso, mphepo iwombe, mwala uyambirenso kuvina. Kuwerama kulikonse kunkamubaya m'chiuno. Kumwamba nako mitambo inali itayamba kusonkhana masana aliwonse, ikumuuza kuti nthawi si yake. Atakhoma zikhomo zochepa anachitsamiritsa choyezeracho pa mpanda, n'kutsinzina diso limodzi.

"Misewu yonse ija ndinkayeza ndi mwala wa pachingwe ine?" anadzifunsa. Ndipo anayamba kukumba.

Nthaka inali youma gwa, moti piki inkadumpha n'kumuyankha m'mano. Anamanga nsalu yakale m'chiuno molimba, ndipo kuimirira kukamukanika ankakumba chogwada. Telala woyandikana nawo, munthu wosasunga mawu mkamwa, ankasuzumira pa mpanda tepi ili m'khosi.

"A Kalavati, mandawo mwayamba kudzikumbira nokha? Koma ndi aatalitu, mukufuna mukagonemo ndi ndani?"

"Ndikusiyirani malo, a telala. Mukadzatopa kubera anthu nsalu mudzabwere."

Ankaseka onse awiri, koma telala akangochoka Kalavati ankatsamira mpini n'kudikira kuti chidima cha m'maso chichoke. Madzulo mkazi wake ankam'sisita ndi mafuta, iye atagona chafufumimba pa mphasa, akuluma mlomo.

"Mukuyeza koma, bambo?"

"Ndikuyeza."

"Ndi choyezera chija?"

"Mayi, ine ndi Kalavati. Dzinali sindinagule pamsika."

Mayiyo sanafunsenso. Anali wotopa, ndipo nayenso ankafunitsitsa kukhulupirira china chake.

Ngalande inatha mitambo itada kale. Inachokera kumpanda wa telala mpaka kumpanda wa mbali inayo, yakuya kufika m'mawondo, m'mbali mwake mosalala mochititsa kaso. Kakhomo kosefukira anakaika mbali ya kwa telala n'kuyalamo miyala. Kumapeto enawo, kunsi kwenikweni kwa mulu wa dothi, kunali nazale ya mayiyo, timbande ta tomato ndi kabichi titandandalika pansi pa kadenga ka udzu. Mayiyo anayenda m'mbali mwa ngalandeyo kuyambira uku mpaka uko, manja kumbuyo ngati bwana.

"Manja anu akadalipo, bambo," anatero. Tsiku limenelo Kalavati anadya ngati munthu.

Mvula inabwera masana, mayiyo ali ku mphambano. Inayamba ndi fungo, kenako madontho akuluakulu pa malata, kenako chiphokoso choti munthu sungamve ngakhale kutsokomola kwako. Kalavati anaima pakhomo la kuseri. Madzi ofiira anatsika kuchokera kumsewu wa kumtunda, kudutsa pambali pa bafa monga mwa masiku onse, akuthamangira kukhwawa. Anafika pa ngalande, anagweramo, ndipo sanapitirire.

"Khalani pansi, alendo!" anakuwa Kalavati akuseka yekha. "Kwanu n'konkuno!"

Kenako anaona tsamba louma likuyandama m'ngalandemo. Silinaime. Linkayenda pang'onopang'ono, mosakayika, kuchoka mbali ya kwa telala kulowera ku nazale. Pambuyo pake panabwera kapepala ka switi, nakonso njira yomweyo. Kalavati anakudziwa kuyenda kumeneko, pakuti anakhala akukunyadira moyo wake wonse. Madzi saiwala khwawa, ndipo manja nawo saiwala ntchito. Popanda kum'funsa mwini wake, manja aja anali atapendeketsa pansi pa ngalandeyo pang'ono chabe, mwaukatswiri, monga ankachitira kumsewu. Kakhomo ka miyala kanatsala pamtunda, madzi osakafika n'komwe. Madzi onse a kumtunda anali kusonkhana pamwamba pa mbande.

Anathamanga, munthu woti kuthamanga anasiya kalekale. Pomwe ankafika, madzi anali atafika pamlomo pa mulu wa dothi, ndipo dothilo, lofewa, lopanda muzu ndi umodzi womwe, linkasungunuka ngati shuga. Anaponyapo fosholo ya matope, madzi anatenga. Anaponyapo ina, anatenganso. Anakoka thumba lakale pa mpanda, kulitsindira ndi mapazi, koma linangotupa n'kutsetsereka. Mpata unatseguka, poyamba wolowa dzanja, kenako wolowa ndowa. Kamtsinje kofiira kanadumphira mu nazale n'kugwetsa mzere woyamba wa mbande iye akuona.

"Ayi, ayi, chonde," ankawapempha madziwo ngati anthu. "Tengani bafa, tengani nyumba, koma izi zokha ayi."

Pafupi panalibe mwala, panalibe thabwa, ndipo nthawi yokafuna panalibenso. Chinthu chokhacho chokwana pa mpatawo chinali iye mwini. Analowapo n'kukhala pansi, msana kumadzi, nkhope ku nazale, zigongono atazinyika m'dothi uku ndi uku, zidendene atazitsamiritsa pa chitsa chakale. Madzi ozizira anam'menya m'chiuno, anakwera, anafika m'mapewa. Koma kamtsinje kaja kanachepa mpaka kutsala kudontha m'khwapa mwake.

Mkazi wake anam'peza choncho, atathamanga kuchokera ku mphambano, beseni lili chozondoka pamutu.

"Bambo! Mwapenga? Tulukanipo apo!"

"Ndikachoka zapita! Tenga beseni, iwe! Dula ngalandeyi pakati, unjika miyala ndi matope, umange timakoma! Madzi asabwere onse kuno!"

"Munati mukuyeza!"

"Ndinanama! Fulumira!"

Mayiyo sanataye nthawi ndi kukalipa, anadziwa kuti mpata wake udzapezeka. Anazula miyala ya pa kakhomo kaja, kuisenza m'beseni, kuiponya pakati pa ngalande n'kumata matope ndi manja. Khoma loyamba linagwa. Anamanganso, akulira, akutukwana mvula, kapitawo ndi misewu yonse ya dziko lapansi. Ulendo uno linagwira. Anasuntha n'kumanga lina, kenako linanso, zala zikutuluka magazi iye osadziwa.

Kalavati sankaona zonsezi. Ankangomva kulemera kumsana ngati lole yam'tsamira, ndi moto woyaka kuchokera m'chiuno kutsikira m'miyendo. Maso ake anali pa timbande tija, ankatiuza chamumtima kuti tilimbe. Zidendene zinayamba kuterereka pa chitsa. Anakankha ndi mphamvu zake zonse zotsala, ndipo pamenepo china chake chinaliranso kumsana, pamalo pomwe paja. Ululu unatha nthawi yomweyo, moti anayamba wathokoza.

Mvula inakata mwadzidzidzi monga inayambira. Ngalande inali itasanduka timadamu totsatizana, madzi ali phee, osapita kulikonse, akulowa pansi mwakachetechete. Mayiyo anatsikira ku nazale, matope mpaka m'tsitsi, n'kugwada. Mzere umodzi unapita, wachiwiri unagona, koma mbande zina zonse zinali chilili. Anaseka, kenako analira, kenako anasekanso.

"Zilipo, bambo! Zilipo! Dzukani mudzaone, munthu wabodza inu."

Kalavati anauza miyendo yake kuti idzuke. Ankaiona bwinobwino ili patsogolo pake, zala zitadzaza matope, koma inali ngati ya munthu wina. Anaitsina. Anaimenya ndi chibakera.

"Mayi," anatero motsitsa mawu, "kaitaneni a telala."

Anam'tengera kuchipatala pa wilibala, telala akukankha, ndipo ulendo wonsewo munthu wa nthabwala uja sanatulutse ndi imodzi yomwe. Dokotala anam'baya Kalavati ndi kasingano kuphazi, pa katumba, pabondo, akum'funsa ngati akumva. Pomaliza ananena mawu omwe madokotala amanena akasowa chonena, akuti tidikire tione. Patapita masiku anam'bweza kunyumba n'kum'goneka pa bedi loyang'ana zenera la kuseri.

Ali pamenepo ankaona nsonga za nthochi zomwe mkazi wake anabzala pa mulu wa dothi. Mvula inagwanso kangapo, timadamu tinkadzadza n'kuphwa, ndipo dimba linayamba kubiriwira popanda munthu kusenza ndowa. Mayiyo ankadzuka m'mamawa kukawokera mbande, kubwera kudzam'tembenuza, kubwereranso kudimba, kubweranso kudzam'dyetsa. Za choyezera ndi bodza lija sanazitchulenso, ndipo Kalavati ankalakalaka akanam'kalipira.

M'mawa wina foni inalira, mayiyo n'kutuluka nayo panja. Anaiwala kuti zenera linali lotsegula.

"Ayi achemwali, auzeni apeze wina. Ndikudziwa, ndikudziwa. Koma ndiwasiyira ndani? Munthu woti kutembenuka pabedi mpaka ndim'tembenuze ine? Ayi, musatero. Ndi mtolo wanga, ndiusenza ndekha."

Analowa ndi beseni la madzi ofunda ndi kansalu, nkhope ataikonza kale.

"Anali achemwali," anatero. "Ndawauza kuti sindipita."

Mawu amenewa Kalavati anawakumbira chogwada, anawakhalira m'madzi, ndipo tsopano atafika anamulasa mumtima. Iye ankafuna mkazi wokhala chifukwa dimba labiriwira, wokhala chifukwa mwamuna wake wam'gwirira madzi.

"Ndiye kuti mukukhala chifukwa mbande zapulumuka, eti mayi? Monga munanenera?"

Mayiyo anaviika kansalu m'beseni n'kukafinya nthawi yaitali, mpaka dontho lomaliza.

"Kwezani mkono, bambo," anatero. "Madzi angazizire."